Chaka Chimene Amai Ako Anazila Msanga

Luembe, Nyimba
Lachisanu masana

Felesiya mwana wanga,

Ndakhala pansi pa mtengo wa mango kuseli kwa tchalitchi kuti ndikulembele, chifukwa kunyumba ukanandiona ndi cholembela m'manja ukanayamba mafunso ako aja. Useka, ndidziwa, kuti munthu wokhala naye nyumba imodzi akukulembela kalata ngati ali ku migodi. Ndayesa kawili sabata ino kukuitana kuti tikambe. Ulendo woyamba ndinangokufunsa ngati chikwama chako chimatsekeka bwino, wachiwili ndinakufunsa za nsapato. Nkhani ikalemela pakamwa panga pamauma, ndi mmene ndinabadwila. Mailo m'mawa ukwela minibasi ya ku Nyimba, kuchokela kumeneko basi yaikulu ya ku Lusaka. Kalata iyi usaisungile m'basi. Uiwelenge lelo lomwe, dzuwa likali pamwamba, amai ako ali pafupi.

Ukupita kukaphunzila zofufuza matenda, makamaka malungo, mmene amafalikila ndi mmene angaletsedwele. Ndine wokondwa, ndipo ndauza aliyense mpaka anthu ayamba kundizemba pamsika. Ine ndinathela pa kunyamula pampu kumsana zaka zisanu ndi zinai, kupopela mankhwala a udzudzu m'nyumba za anthu kuyambila kuno ku Luembe mpaka ku Ndake. Iwe udzakhala mmodzi wa aja amene ankatilembela mafomu oti tidzaze. Koma ukunyamuka usanalankhule ndi amai ako mau enieni kwa miyezi inai, ndipo ichi ndicho chandikhazika pano. Amakupatsa moni, umayankha. Amakuikila madzi osamba, umathokoza ngati mlendo. Ukakwela basi ija zinthu zili chonchi zidzaumila momwemo. Mutu wako ndiudziwa, unautengela kwa ine.

Ndikukumbutse mmene zinayambila, kuti tiyang'ane chinthu chimodzi tonse awili. Unapita ku Petauke ku maphunzilo a anthu oyeza malungo m'midzi. Mphunzitsi wanu, pofuna kuonetsa kuti anthu akumudzi amaononga okha chithandizo chimene apatsidwa, anapeleka chitsanzo. Anati kale ku Luembe kunali mkazi, mkazi wa wopopela mankhwala weniweni, amene anazila zipupa za nyumba yake ndi mtsilo watsopano patangopita masabata ochepa nyumbayo itapopeledwa. Dothi linakwilila mankhwala, udzudzu unabwelela, ndipo mvula isanathe mwana wa m'nyumbamo anamwalila ndi malungo. Sanatchule dzina. Panalibenso chifukwa chotchulila, popeza wopopela wa ku Luembe amene anataya mwana ndi mmodzi yekha. Mwanayo anali mng'ono wako Tamala, amene anatisiya ali ndi zaka zitatu, iwe uli ndi zisanu ndi zitatu. Unafika kunyumba chikwama chikali paphewa, n'kuima pakhonde amai ako akupeta chimanga.

"Amai, mkazi wa ku Luembe amene anazila nyumba itapopeledwa, ndimwe?"

"Ndine."

"Ndiye kuti Tamala munamukwilila na mtsilo wanu uja."

Amai ako anapitiliza kupeta. Ine ndinali pomwepo ndikumata chubu cha njinga, ndipo ndinapitiliza kumata ngati nkhaniyo ndi ya kwa aneba.

Ndinene poyela pano pomwe, kuti usawelenge mtima uli m'mwamba. Mlandu umene unawapatsa amai ako si wao. Ndifika kwa mwini wake, koma undilole ndiyambe ndi zolakwa zazing'ono, chifukwa nazonso zili ndi ntchito kumene ukupita, ndiponso chifukwa ndine wamantha.

Chaka changa choyamba pa ntchito ija anatipatsa fomu ya mabokosi awili pa nyumba iliyonse. Lina linali la nyumba yopopeledwa, lina la nyumba imene eni ake anakana. Tsiku lina tinafika m'mudzi wina ku Ndake titavala maovolosi ndi majombo, thukuta lili kamukamu, n'kupeza zitseko zonse zomanga ndi mawaya. Munali nkhuku ndi galu wokalamba basi. Anthu onse anali ku malilo m'mudzi wa tsidya la mtsinje. Bokosi la malilo pa fomu panalibe, ndipo galimoto yotitenga inali kudikila pamseu. Ndinachonga kuti anakana, kuyambila nyumba yoyamba mpaka yomaliza. Patapita zaka, pa nthawi yogawa maneti, ndinamva amai ena a ku ofesi akunena kuti mudzi umenewo aufikile pomaliza, chifukwa ndi anthu ovuta, amakana chilichonse, zili m'mabuku. Anthu aja sanakanepo kanthu, anali kuika m'bale wao. Tsono mwana wanga, udzapatsidwa mapepala ambili odzazidwa kale, manambala ataimikidwa bwino m'mizele. Uzikumbukila kuti amene anachonga mabokosi amenewo anali munthu wotopa, wanjala, dalaivala akumuimbila hutala. Ndipo tsiku limene udzapanga fomu yakoyako, usiye kampata pansi koti munthu alembepo zimene mabokosi ako sanaganizile.

Chaka chachiwili ndinali nditayamba kudzimva. Ku Ndake komweko kunali bambo wina wolima thonje, a Lungu, amene tinawapeza ataima pakhomo pao atapinda manja, kutikaniza kulowa.

"Muno mupopela lini, a Phiri," anatelo. "Chaka chatha munapopela, nsikidzi zinazala nyumba yonse. Mankhwala yanu yabala nsikidzi."

Ndinaseka, ndinaitana anzanga kuti amveko, ndipo ndinaponyamo mau awili atatu achizungu kuti adziwe kuti akulankhula ndi munthu wophunzila. Anatseka chitseko, ndipo ana ao anagona chaka chimenecho m'nyumba yosapopela. Pambuyo pake, pa maphunzilo ena, anatifotokozela kuti mankhwala ena akagwa pachipupa nsikidzi zobisala m'ming'alu zimatuluka, n'kumaoneka poyela ngati zachuluka. Maso a a Lungu anaona zoona. Analakwitsa chifukwa chake chokha, ndipo kufotokoza chifukwa inali ntchito yanga, ine ndinasankha kuseka. Munthu wakumudzi akakuuza chinthu chooneka chopusa, Felesiya, usathamangile kuseka. Umufunse chimene anaona, liti, kangati. Uli ndi kamlomo kako kaja kamene kamakwela m'mwamba munthu akalakwitsa. Nakonso unakatengela kwa ine, ndipo ukasiye pa siteshoni ya Nyimba.

Chaka chomwecho kunabwela anthu odzatenga magazi a ana pachala, kuti aone kuchuluka kwa malungo m'dela lathu, ndipo ananditenga kuti ndiziwamasulila. Anali ndi pepala lalitali lofotokoza chimene akufuna, kumene magazi apite, ndi kuti kholo lili ndi ufulu wokana. Dzuwa linali kuswa mtengo, mzele unali wautali, ndiye ndinalifupikitsa pepala lonselo kukhala mau anai: dindani chala apa, amai. Akazi atafunsa kuti zotsatila zidzabwela liti, ndinati sabata ya mailo, osadziwa kanthu. Palibe amene anabwela. Ulendo wotsatila anthu aja atafika, ana onse anali atabisidwa m'minda ya chimanga, mbili itamveka kuti magazi aja amagulitsidwa ku tauni. Tinatukwana umbuli wa anthu njila yonse yobwelela, ine ndikutsogolela. Ukatenga kanthu m'thupi la munthu, umufotokozele zonse ngakhale mzele utalike mpaka kumseu, ndipo ukapeza zimene unali kufuna ubwelele ukamuuze. Usalonjeze tsiku limene sulidziwa.

Tsopano ndafika pa chaka chachitatu, chaka cha Tamala.

Udziwa kuti ine kuno ndine wobwela. Kwathu ndi ku Katete, ndinadzakwatila amai ako n'kumanga pamudzi pao, pafupi ndi nyumba ya ambuya ako aamuna, malemu a Daka. Iwe unawadziwa atakalamba, akukusendela nzimbe. Ine ndinawadziwa ali ndi mphamvu zao, ndipo mkamwini salankhula ndi apongozi ake ataimilila. Munda umene ndinkalima unali wao, ngakhale malo okumba chimbudzi anandilozela ndi iwo. Zaka khumi ndili pamudzi pao sanandipemphepo kanthu, ndipo zimenezi zinkandiwawa, chifukwa zinkaonetsa kuti sanali kuona chimene munthu ngati ine angawapatse.

Mankhwala aja ankabwela m'timapaketi ta ufa. Kapaketi kamodzi unkakasungunula m'pampu imodzi ya madzi, n'kukwanila nyumba zitatu zazing'ono. Poweluka kapitao wathu ankalandila timapaketi topanda kanthu, kuti atsimikize kuti palibe amene wapita nato kwina. Tsiku limene gulu lathu linafika m'mudzi mwathu muno, ambuya ako anandiitanila kuseli kwa nkhokwe. Ndinanjuta chapatali monga mwa mwambo.

"A Phiri," anatelo akuyang'ana kumbali, "mbozi zinanithela thonje chaka chatha. Anthu akamba kuti mankhwala yanu aya ni yaukali kupambana ya ku sitolo. Nipatseniko kamozi chabe, nisunge mpaka thonje ikakule."

Ndinadziwa kuti n'zoletsedwa. Ndinadziwanso kuti mankhwala amenewo si a mbeu. Koma kunali koyamba kuti munthu uja andipemphe kanthu, ndipo mumtima ndinakondwa, ndisakunamize. Ndinakhuthulila ufa uja m'kachitini kao ka fodya, kapaketi kopanda kanthu n'kuika m'thumba kuti ndikapeleke kwa kapitao.

Tsono panatsala nyumba zitatu zopanda mankhwala, ndipo ndinayenela kusankha kuti zikhale za yani. Apa ndi pamene ndinadzinamiza mwaluso. Ndinati sindingabele aneba. Ngati wina asowe, asowe wa m'banja limene lapindula. Ndinasankha nyumba ya ambuya ako, kanyumba ka alendo, ndi yathu, ndipo posankhapo ndinadziona ngati munthu wachilungamo. Amai ako anatulutsa katundu yense panja monga tinkalangizila, mphasa, mapoto, thumba la ufa, inu ana awili mutakhala pa mtondo wogoneka mumthunzi. Ndinavala chophimba kumphuno, ndinalowa, ndinapopela zipupa zonse kuchokela kudenga kutsika pansi, mzele ndi mzele monga anatiphunzitsila. M'pampu munali madzi a pachitsime okhaokha. Potuluka ndinalemba ndi choko pachitseko kuti yapopeledwa, n'kuuza amai ako kuti asalowetse ana mpaka patatha maola awili.

Welenganso pamenepo, Felesiya. Mtsilo wa amai ako sunakwilile mankhwala, chifukwa pachipupa paja panalibe mankhwala oti akwililike.

Kumayambililo kwa Disembala uthenga unafika ku kiliniki kuti kukubwela anthu ofufuza ochokela ku tauni, kudzayeza ngati mankhwala akali ndi mphamvu pazipupa. Kapitao anati ayambile nyumba yanga, popeza nyumba ya wopopela ndiyo iyenela kukhala chitsanzo. Ndinafika kunyumba n'kuinena nkhaniyo pakudya ngati yonyaditsa. Koma masiku anai ndinayenda ngati wodwala. Ndinaganiza zoba kapaketi kena, koma nyengo yopopela inali itatha, mapampu atabwezedwa ku Nyimba. Tsiku lachisanu ndinachokela kumunda n'kupeza amai ako manja ali matope mpaka m'zigongono, zipupa zonse zam'kati zitazilidwa ndi mtsilo wakuda wa kudambo. Udziwa kuti akazi kuno amazila nyumba Khisimisi ikayandikila, kuti alendo apeze pokongola. Chaka chimenecho amai ako anafulumila ndi masabata awili. Ndinawakalipila pamaso pa aneba, kuti mkazi wa wopopela angachite bwanji zotele, koma mumtima ndinali kuthokoza Mulungu chifukwa cha mwai umenewo.

Anthu aja anabwela atatu, aulemu ndithu. Anali ndi timakapu ta pulasitiki toonekela m'kati. Ankamata kakapu pachipupa, n'kulowetsamo udzudzu wamoyo ndi kapaipi, n'kudikila ndi wotchi kuti aone ngati ugwa. M'nyumba ya aneba udzudzu unagwa. M'nyumba mwathu unangouluka m'kakapu, wanthanzi bwinobwino. Mtsikana amene anali ndi buku, wa msinkhu wako wa lelo, anapalasa chipupa ndi chala n'kufunsa ngati pazilidwa posachedwa. Amai ako anavomela maso ali pansi, mtsikanayo analemba. Ine sanandifunse kanthu, anangondipepesa kuti ntchito yanga yabwino yaonongeka. Nyumba ya ambuya ako, imene sinazilidwe, inali pafupi poti ukaitana munthu amva. Akanamata kakapu kamodzi mmenemo nkhani yonse ikanaululika, koma yankho anali atalipeza kale, ndipo mitambo ya mvula inali kusonkhana.

Ili ndi langizo limene ndifuna ulisunge kuposa ena onse. Ukapeza yankho lofulumila, logwilizana ndi zimene unkaganiza kale za anthu, uyezenso nyumba yachiwili. Mtsikana uja sananame, ndipo sanali waulesi. Anafika akudziwa kale kuti akazi akumudzi amazila zipupa, anapeza chipupa chozila, nkhani inathela pomwepo. Munthu wovala ovolosi sanamukaikile, chifukwa anali wa mbali yake. Uziyamba kukaikila a mbali yako. Amene ananyamula pampu umufunse kuti munali chiyani, ndipo umufunse ali yekha, osati pamaso pa kapitao wake kapena apongozi ake.

Tamala anayamba kutentha thupi mu Febuluwale, Lachiwili m'mawa, iwe uli ku sukulu. Tinayesa chimfine n'kudikila tsiku limodzi, ndipo kuipa kwa kudikila ukudziwa kuposa ine. Lachitatu masana anayamba kukomoka, maso kutembenuka. Ndinakweza amai ako panjinga mwana ali kumsana kwao, koma mtsinje unali utadzala, tinazungulila ku ulalo. Tinafika ku kiliniki dzuwa litapendeka. Anamuyeza, anamubaya jekeseni, anayesetsa ndithu. Anamwalila Lachinai m'mawa, anesi akutsegula mawindo. Pa malilo ndinamva akazi akunong'onezana za mtsilo, ndipo ine ndinakhala chete pakati pa amuna, anthu akubwela mmodzimmodzi kudzandipepesa.

Ndakhala zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi ndikuitembenuza nkhani iyi, ndipo ndiyesa kuinena monga inu ofufuza mungainenele. Sindidziwa udzudzu umene unaluma Tamala. Mwina unamuluma m'nyumba, mwina pabwalo tikudya, mwina kwa anzake. Chaka chimenecho ana anadwala ngakhale m'nyumba zopopeledwa bwino. Sindinganene motsimikiza kuti kapaketi kaja kakanamupulumutsa. Chimene ndinganene motsimikiza n'chakuti ndinachotsa chitetezo pa nyumba imene munkagona ana anga awili, kuti apongozi andione ngati munthu. Thonje lija, ngati ufuna kudziwa, linapsa masamba, mbozi zinatsala. Ambuya ako sanaitchulenso nkhaniyo mpaka imfa yao, ndipo ine ndinapopela zaka zina zisanu ndi chimodzi osaphonya chipupa n'chimodzi chomwe, ngati kuti zimenezo zingabweze kanthu. Ndili ndi manyazi, mwana wanga, ndipo chisoni cha Tamala sichinachepe.

Ungafunse chifukwa chimene ndinakhalila chete pakhonde paja, iwe ukuwanena amai ako. Ntchito ndinasiya kale, ambuya ako ali kumanda, panalibenso woti ndimuope. Ndinaopa iwe. Uli mwana unkavala majombo anga n'kumayenda pabwalo, botolo kumsana, ukupopela nkhuku. Unalowa ntchito ya zaumoyo ukunena kuti ufuna kukhala ngati atate. Palibe munthu wina padziko pano amene anandiyang'anapo ndi maso amenewo, ndipo sindinafune kuwataya. Ndinaona amai ako akutsitsa mutu pa lichelo, ndinadziwa mau amene akanawaombola, ndipo ndinasankha chubu cha njinga. Pa zolakwa zonse zimene ndalemba muno, ichi ndicho ndinachita ndili wamkulu, ndikudziwa bwino chimene ndikuchita.

Nkhani ya mkazi wa ku Luembe yayenda m'makalasi zaka zonsezi. Mphunzitsi wako wa ku Petauke sindimuimba mlandu, anangolandila zimene anamva kwa amene anamuphunzitsa. Kuzila nyumba yopopeledwa kumaonongadi mankhwala, ndipo upitilize kuphunzitsa anthu zimenezo. Ukadzakhala ndi mau pokonza masiku a ntchito, uyambe wafunsa akazi kuti amazila liti, chifukwa n'kwapafupi kusuntha tsiku la pampu kusiyana ndi kusuntha Khisimisi. Koma usadzaime kutsogolo kwa kalasi n'kutenga malilo a munthu kukhala chitsanzo usanamufunse mwini wake. Ndipo ngati kumene ukupita kuli njila yokonzela zimene zinalembedwa molakwa, ukakonze. Ukanene kuti m'pampu munali madzi. Utchule dzina langa, usaope.

Zina zazing'ono ndisanaiwale. Ukakhalitsa ku Lusaka thupi lidzaiwala malungo a kuno. Ukabwela ku tchuthi usadzione ngati mwana wa pa Luembe wozolowela udzudzu, ugone m'neti ngati mlendo, ndipo ukatentha thupi uyezetse tsiku lomwelo, osati mailo lake. Anthu ophunzila za matenda ndi amene amachedwa kwambili kupita ku chipatala, ndinawaona. Uzidya m'mawa usanapite ku kalasi, chifukwa ukakhala ndi njala umalusa. Uziimba foni Lamulungu lililonse, ndipo usamaimbile ine ndekha.

Ndatsala ndi chinthu chimodzi, ndipo ichi ndachimva lelo lomwe. M'mawa uja unapita kukatsanzika anzako ku kiliniki, ndinawatsatila amai ako kudimba. Ndinaona kuti sindingakulembele iwe ndisanawauze iwo. Ndinaima pamzele wa lepu n'kunena zonse kuyambila kuseli kwa nkhokwe. Ndinali kuyembekeza kulila, kapena kuti andiponyele khasu. Anamaliza kuthilila mzele umene anali atauyamba, n'kuika kheni yothilila pansi.

"Ninaziwa tsiku lomwe lija," anatelo. "Kwa aneba kunanunkha sabata yonse, mphemvu zinagwa mbwee. Kwathu mphemvu zinali kuyenda pachipupa dzuwa lisanalowe n'komwe. Muganiza neti yakale ya ana ija ninali kuisokela chani, zigamba pamwamba pa zigamba?"

"Nanga kuzila kuja?"

"Anthu a timakapu akanapeza chani pachipupa chosazila? Imwe akanakuchotsani ntchito, atate akanaitanidwa ku bwalo, mudzi wonse ukanaziwa kuti mkamwini wa a Daka anapopela madzi. Ninati mkazi wopusa anthu amuseka sabata imozi, aiwala. Sininaziwe kuti Tamala azafa."

Ndinakhala pansi pamzele pomwepo. Kenako ndinawafunsa chifukwa chimene sanakuyankhile tsiku lija pakhonde.

"Mwana apita kutali," anatelo, akutola kheni. "Apite na kholo limozi lomwe alilemekeza. Musamuuze, a Phiri."

Ndinagwedeza mutu ngati ndavomela, n'kubwela kuno kudzalemba. Upita ndi kholo limodzi loti ulilemekeze, monga afunila amai ako, koma si limene iwo akuganiza. Ukamaliza kuwelenga usandifunefune, ndikhala konkuno mpaka ng'ombe zibwele ku khola. Za ine ndi iwe tidzakamba tsiku lina, ngati udzafuna. Iwo ali kuseli kwa nyumba, akukazinga nsawa zako za paulendo. Pita kwa iwo.

Ndine atate ako,
Yotamu Phiri